Galu M'pulamu, Mwana Kumsana

Chinayamba ndi dovu. Linali Lachiwiri m'mawa, kumayambiriro kwa Novembala, chaka cha 2006. Ndinkakolopa m'khitchini mwathu ku Romford, ndiye ndinaona galu wathu Nyozani atagona pafupi ndi chitseko, dovu likutsika pakamwa ngati ulusi mpaka pansi. Chakudya cha dzulo lake sanachikhudze. Ndinamuitana, anangodzutsa khutu limodzi, basi. Ndipo mwana wanga Tadala, wa zaka ziwiri nthawi imeneyo, anali atakhala pomwepo, akumupukuta galuyo pakamwa ndi kadzanja kake, n'kudzipaka pa diresi.

Mopu inandipulumuka. Ndinamukwatula mwana ndi mkono umodzi, kuthamangira naye kubafa, kumusambitsa manja ndi sopo, kenako sopo wochapira mbale, kenako sopo wina uja, iye akulira, ine m'mutu muli mawu amodzi okha: chiwewe.

Azimayi anzanga, musandiseke msanga. Ine ndinakulira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, ku Zimbabwe. Makolo anga anachokera ku Dedza kalekale. Sukulu ndinalekera Giredi 7, koma chiwewe ndinachiona ndi maso anga. Mwana wa a kapitawo analumidwa ndi galu wa dovu, kabala kakang'ono pachidendene, anthu n'kuiwala. Patapita miyezi anamumangirira pabedi ndi nsalu, akukuwa akangoona kapu ya madzi. Anamwalira ife ana tikusuzumira pazenera. Sabata imeneyo agalu onse a mu komboni anaphedwa ndi zibonga. Ndiye ine ndikaona dovu pakamwa pa galu sindiona china.

Ndifotokoze kaye kuti galuyu anabwera bwanji m'nyumba mwathu, chifukwa sindinamugule, ndipo sindinabwere ku England kudzaweta agalu.

Ku tchalitchi chathu kuli mayi wina wamkulu, timati Anti Agnesi. Iwo ndi amuna awo anathawa ndale za ku Malawi ine ndisanabadwe, akhala ku Croydon zaka zosawerengeka. Nyumba ya makapeti oyera, mipando yokutidwa ndi pulasitiki kuti munthu ngati ine asaidetse. Loweruka lililonse ndinkapita kukawasitira zovala. Mwana wawo wamwamuna, uja ukamupatsa moni amayankha m'Chingerezi, anagula galu wamkazi n'kumutcha Purinsesi. Atapeza chibwenzi anasamukira ku fulati yosalola ziweto, Purinsesi n'kumusiyira makolo. Makolowo anamutsekera m'shedi kuseri kwa nyumba, pamodzi ndi zitini za penti. Mumdima. Chakudya ankachita kumuponyera.

Tsiku lina kunali kuwotcha nyama kuseriko, alendo ambirimbiri, galu anatuluka m'shedi n'kununkhiza mbale yomwe inali pa mpando. Kununkhiza chabe. A Ankolo, amuna awo a Anti, mkulu wa mpingo ameneyo, wa tayi ngakhale pa Loweruka, anatola mbale yachitsuloyo n'kumumenya nayo kumutu, kenako nsapato m'nthiti, kawiri, katatu, galu akulira ngati khanda. Alendo anaseka. Wina anati, "Akuyesa ali ku hotela!" Ine ndinali pazenera ndi simbi m'manja.

Sabata yotsatira ndinamva Anti akunena kuti akamusiya ku paki, khonsolo ikamutola. Ndinati ndipatseni ine. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Iwe? Nyama ya mwana imakuvuta, ufuna kuwonjezera pakamwa pena?" Koma anandipatsa, poti zinawapeputsa. Ndinabwera naye pa sitima nditamumanga ndi lamba wa diresi.

Kwathu galu umamutcha dzina lomwe ukufuna anthu amve ukamamuitana. Za Purinsesi ndinazisiya ku Croydon komweko. Ndinamutcha Nyozani.

Miyezi yoyamba ankakhala kunsi kwa tebulo. Munthu akangokweza dzanja, ngakhale kufuna kuyatsa getsi, iye ankadzikodzera. Mbale sankaiyandikira. Ndinkamuikira chakudya pa nyuzipepala, n'kutuluka m'chipindamo, ndiye adye. Koma Tadala yekha sankamuopa. Mwanayo ankakwawira kunsi kwa tebulo komweko, awiriwo n'kugona mitu itagundana. Bambo a Tadala amagwira mashifiti ataliatali ku nyumba yosamalira okalamba, ine tsiku lonse ndekha m'fulati, dziko lachilendo, Chingerezi chothyokathyoka. Galuyo ndiye ankandiyang'ana m'maso ndikamayankhula.

Ndiye Lachiwiri lija, nditamusambitsa mwana, ndinachita chinthu chopusa. Ndinaimbira foni Anti Agnesi. Ndinkati akhalitsa kuno, amadziwa za dziko lino.

"Anti, galu uja akutuluka dovu."

"Uti? Purinsesi?"

"Eya. Sakudya, akungogona."

"Chiwewe chimenecho, mwanawe. Chiwewe chenicheni. Wamunyambita mwana?"

Ndinawauza za dovu la pa diresi.

"Hii! Ndiye tamvera. Usayerekeze kuuza munthu. A Sosho akangomva kuti umagoneka mwana ndi galu wachiwewe, amutenga lero lomwe, udzamuonanso atamera mawere. Nanga mapepala ako okhalira m'dziko muno aja anatuluka?"

"Sanatuluke, Anti."

"Ndiye ufuna azungu a mayunifolomu adzagogode pakhomo pako? Kwera basi, ukamusiye ku paki, ubwerere osacheuka. Ndinakuuza ine. Anthu a pa famu mumatola chilichonse."

Taonani nzeru za munthu wa zaka zonsezo ku London. Makapeti oyera, mutu uli gwaa ngati chitsa. Koma ine tsiku limenelo ndinawakhulupirira, chifukwa anagwira pamene panali chilonda. A Sosho, aja a boma oona za ana, ndinkawaopa kuposa imfa.

Bambo a Tadala atabwera anavula nsapato, anamva nkhani, anapuma. "Make Tadala, galu ndi galu. Anti amadziwa. Ndikamusiya ndine ndikaweruka mawa." Ndinati dikirani kaye. Sindikudziwa ndinkadikira chiyani. Kukamutaya ku paki ndinalephera, kumusunga m'nyumba ndinalephera, ndiye ndinavala magolovesi otsukira mbale, ndinamukoka galu pa thaulo mpaka kuseri, n'kumutsekera m'kashedi ka mabini. Ndinamusiyira ndowa ya madzi. Sanalimbane nane, sanalire n'komwe. Anangolowa, kutembenuka, n'kugona pansi ngati wafika kwawo. Ankaidziwa shedi.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kuyang'ana. Diso lina pa mwana, diso lina pazenera la kukhitchini. Tadala ndinkamupatsa kapu ya madzi kosalekeza kuti ndione ngati akuwa. Ankangomwa mpaka kamimba kuti tuu, kenako anayamba kukana poti wakhuta, ine n'kumati chiwewe chayamba. Ndinkamuvula kufunafuna kabala, m'zala, kuseri kwa makutu, m'khosi. Iye ankangoloza kuchitseko n'kumati, "Noza, Noza."

Lachitatu galu anasanza zachikasu. Ndinatsegula chitseko cha shedi pang'ono ndi mtengo wa mopu, ndinaona mimba yakula, yolimba, yonyezimira. Ndowa inali itauma. Ndinadzazanso. Anakwawa, anaika mutu wonse m'ndowamo, kumwa, kumwa, osapuma. Lachinayi miyendo yakumbuyo inayamba kukana. Akaimirira ankagwa chammbali. Inalinso nyengo ija azungu amaphulitsa makombola, dzuwa likangolowa phuu, phuu, mbali zonse, ndipo ndinkamva kashedi kakugwedera ndi kunjenjemera kwake. Koma madzi sanaleke kumwa. Ndowa ina, ndowa ina.

Ndi madziwo amene anandisokoneza. Mwana wa a kapitawo uja ankathawa madzi. Uyu ankawafuna ngati moyo. Ndinaima pazenera n'kumadzifunsa, chiwewe chanji chomwa ndowa yonse?

Lachisanu linali tsiku la sikelo ya ana. Ndinapita ndi Tadala, ndikumukankha m'pulamu, kangolo kaja ka ana. Nesi wake ndi mayi wachikulire, wa tsitsi loyera, wosafulumira. Anamuyeza mwana, analemba, anati akukula bwino. Ine ndinangokhala pampando osanyamuka. Kenako ndinati ndili ndi funso la mnzanga. Mnzanga ali ndi galu. Galuyo ali ndi... Ndiye ndinazindikira kuti dzina la chiwewe m'Chingerezi sindikulidziwa. Masiku onsewo ndikufa ndi mantha a chinthu chomwe sindikanatha ngakhale kuchitchula kwa dokotala! Ndinaonetsa mano, ndinaloza pakamwa, ndinachita ngati ndikuluma mkono wanga, ndinazunguliza chala pamutu. Mayi wamkulu ine, mwana ali pamiyendo, ndikuchita sewero la galu wamisala mu ofesi ya boma.

Nesiyo sanaseke. Anati, "Mukunena rebizi?" Ndinavomera ndi mutu, poti linamveka ngati dzina loopsa mokwanira.

"Galu wa mnzanuyo anabadwira kuti?"

"Konkuno."

"Anatulukapo kunja kwa dziko lino?"

"Ayi."

"Ndiye si zimenezo. Agalu a dziko lino alibe matenda amenewo. Mwana wanu ali bwinobwino, ndipo palibe amene akubwera kudzamutenga." Anandifunsa zomwe galuyo akuchita. Ndinakhuthula zonse, dovu, mimba, madzi, miyendo. Nkhope yake inasintha. Anang'amba kapepala, analemba nambala ya basi ndi msewu wa chipatala cha ziweto chachifundo. Anati, "Galu wanu akudwala kwambiri. Musadikire mawa, mupite panopa." Sananenenso za mnzanga. Anati galu wanu.

Ndinathamanga msewu wonse, pulamu ikulira matayala. Kufika kunyumba ndinatsegula shedi ndi manja anga, opanda magolovesi. Fungo linandimenya. Nyozani anali atagona m'mkodzo wake, maso atalowa, mphuno youma. Mchira wokha unagunda pansi kamodzi. Kuyenda sakanatha, kumunyamula mpaka pa siteji sindikanatha. Ndinamutsitsa Tadala m'pulamu, ndinamubereka ndi chitenje monga timachitira kwathu, galu ndinamukulunga m'bulangete la mwana n'kumugoneka m'pulamumo.

Mmene anatiyang'anira m'basi! Mayi wina wachikuda, wovala ngati akupita ku ukwati, anasuzumira m'pulamu akumwetulira, akuyesa muli khanda, ataona mphuno ya galu anabwerera m'mbuyo n'kutsonya, n'kuyamba kuuza wina pa foni, akundiloza ndi chibwano. Tsonyani, mayi. Ine dzanja langa linali pa nthiti za galu, ndikumvetsera ngati zikukwerabe.

Chipatalacho chimanunkha mankhwala okolopera. Pa mabenchi panali anthu ndi amphaka m'madengu, agalu a mabandeji, mkulu wina ndi mbalame m'katoni. Ndinakonzeka kudikira, poti kuchipatala ndi kudikira. Koma mtsikana wa pa kauntala atangokweza bulangete anaitana mnzake, anatenga pulamu yonse n'kulowa nayo mkati. Anandifunsa dzina langa, dzina la galu ndi komwe ndimakhala. Za mapepala anga okhalira m'dziko muno palibe anafunsa. Ndinkadikira funsolo, silinabwere.

Dokotala anali mzimayi wamng'ono thupi, woyankhula pang'onopang'ono kuti ndimve. Anamuyeza kutentha, anamutenga magazi, anamumeta pamimba n'kumuunika ndi makina aja amaunikira ife tikakhala oyembekezera. Anati chiberekero cha galu chadzaza mafinya. Anati zimagwira agalu aakazi osatseketsa, makamaka patapita milungu ingapo chichokereni nyengo yofuna amuna. Poizoni wa mafinyawo ndi amene amamuchititsa nseru, ndiye dovu lija, ndipo amatopetsa impso, ndiye ludzu lija. Anati chiberekerocho chikhoza kuphulika nthawi iliyonse. Opaleshoni lero lomwe.

"Zinayamba liti?"

"Lachiwiri."

Analemba. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoti, "Akanabwera Lachiwiri ndikanakuuzani kuti musade nkhawa. Lero sindingakuuzeni zimenezo."

Ndinamufotokozera za chiwewe ndi za madzi, mwina kuti aone kuti sindine chitsiru chotheratu. Anapukusa mutu mwaulemu. Anati amene amaopa madzi ndi munthu wodwala chiwewe, galu wachiwewe akhoza kumwa. Ndiye kuti ngakhale nzeru yanga ija inali yolakwika. Inangondifikitsa pakhomo loyenera mwamwayi.

Panalinso china. Anandionetsa chithunzi cha mafupa, analoza nthiti ziwiri zomwe zinathyoka kale n'kulumikizana mokhota. Anandiyang'ana. Ndinati si ine, ndinamupeza choncho, ndinachita kumutenga kwa anthu. Anati akundikhulupirira, chifukwa galu womenyedwa ndi mwini wake sabisa mutu m'khwapa mwa mwiniyo. Ndinayang'ana pansi. Mutu wa Nyozani unali m'khwapa mwanga.

Anati ndikhoza kupita kunyumba, adzaimba foni. Ndinakana. Ndinakhala pa benchi ndi Tadala, iye akudya mabisiketi omwe mayi wa mphaka anamupatsa, ine ndikuyang'ana chitseko. Chikatseguka ine ndaimirira kale, n'kutuluka wina ndi kalulu wake. Anthu anabwera, anapita. Magetsi a mumsewu anayaka. Dokotala anatuluka atavula kachipewa. Anati chiberekero achotsa, chinali chitayamba kale kung'ambika, atsuka m'mimba monse. Wadzuka, koma ndi wofooka kwambiri, impso sizili bwino. Akhala pa dilipi. Anati tsopano chofunika n'chakuti adye.

Sanadye. Loweruka ndinapita nthawi yoona odwala, anali m'khola lachitsulo, dilipi pamwendo wakutsogolo, mimba yometedwa, ulusi wakuda ndondondo. Lamulungu chimodzimodzi. Tchalitchi sindinapite. Anamuyesera za m'zitini, anamuyesera nkhuku, anamuyesera pa dzanja. Ankangotembenuzira mutu kukhoma.

Lolemba dokotala anandiitanira m'kachipinda. Anati magazi sakusintha monga ankayembekezera, thupi lilibe mphamvu yolimbanira. Akapitiriza kukana chakudya amuika kapaipi m'mphuno, ndipo zimenezo zikakanika tikambirane zomugoneka tulo. Ine ndinavomera ndi mutu msangamsanga. Ndinati eya, agone, tulo ndi mankhwala. Dokotala ndi nesi anayang'anana. Nesiyo, mtsikana wa ndolo pamphuno, anandigwira dzanja n'kundiuza mwachindunji. Azungu akafuna kupha chiweto ndi jekeseni amati kuchigoneka tulo. Ndinali nditangovomera kumene, ndikumwetulira. Ndinakuwa kuti ayi mpaka agalu a m'makola ena anayamba kuuwa.

Titabwerera ku khola ndinagwada n'kumuyang'ana bwinobwino. Sanali atagona paliponse ayi. Anali atadzipanikiza pangodya yakumapeto, kutali kwenikweni ndi pakhomo, ndipo pakhomopo panali mbale. Yachitsulo, yonyezimira, yatsopano. Nesi akaisuntha pang'ono, galu ankatsinzina n'kubisa mutu.

Nesiyo anaona kuti ndaona kanthu. Anandifunsa, "Kunyumba amadya bwanji?"

Ndinachita manyazi. M'chipatala choyera chotero, momwe galu ali ndi bulangete lake ndi dzina pachitseko, ndinene kuti wanga amadyera pansi ngati wa mu komboni? Ati chiyani? Koma manyazi anali atandidyera kale masiku okwanira. Ndinanena. Pa nyuzipepala, ndipo pasakhale munthu womuyang'ana. Ndinafotokoza za mbale ya a Ankolo.

Nesiyo anachotsa mbale ija n'kukaibisa kutali. Anabwera ndi nyuzipepala ya pa benchi, anayala, anathothola nkhuku yowiritsa tizidutswa ting'onoting'ono, anasiya chitseko cha khola chotsegula. Ndiye anakhala pansi pasimenti, msana atalozetsa ku khola, n'kundikodola kuti ndichite chimodzimodzi. Tinakhala awiri, nesi ndi ine, Tadala ali mtulo kumsana kwanga, tikuyang'ana khoma lopanda kanthu. Miyendo inachita dzanzi. Ndinkamva dilipi, ndinkamva mtima wanga. Ndinayamba kuganiza kuti ndanamiza anthu.

Kenako pepala linati khwee.

Ndinafuna kutembenuka. Nesi anandifinya bondo. "Musacheuke," ananong'ona. Khwee, khwee. Kenako lilime likunyambita pepala. Misozi inkangotsika, osapukuta, kuopa kukweza dzanja. Titacheuka panatsala banga la mafuta lokha. Nesiyo anatenga cholembera n'kulemba pachitseko cha khola zilembo zikuluzikulu kuti muno musalowe mbale.

Lachitatu magazi anayamba kuwongokera, anachotsa dilipi. Lachinayi anatuluka. Anamuveka chipewa cha pulasitiki chonga fanulo yothirira palafini kuti asadzinyambite pabala, ndipo ankagunda nacho miyendo ya tebulo, Tadala n'kumafa ndi phwete. Mapilitsi kawiri pa tsiku, ndinkawabisa m'nkhuku. Bala ndinkaliyang'ana m'mawa, masana, madzulo, ngati likufiira, ngati likutuluka madzi, ndinkalinunkhiza. Kuyenda pang'onopang'ono, kuseri kokha. Pafupi ndi shedi sankadutsa, ankazungulira. Ine ndinkaona, sindinkamukakamiza.

Nditabwerera ku tchalitchi nkhani inali itafika kale. Tikumwa tiyi pambuyo pa mapemphero, Anti Agnesi anakweza mawu kuti azimayi onse amve. "Make Tadala, ndamva Purinsesi anagonekedwa m'chipatala! Munkapita ndi phala m'fulasiki? Anthu kwathu akusowa Panado, ena galu ali pa dilipi. Ndiye chiwewe chija chinachira?" Azimayi anaseka, aja amaseka Anti akaseka.

Ndinaika kapu pansi. Ndinati, "Chiwewe kuno kulibe, Anti, mwina simunamve. Koma dokotala anapeza nthiti ziwiri zothyoka. Anafuna kudziwa kuti galuyo anachokera kwa ndani. Ndinati ndikufunseni kaye."

Tiyi anawakakamira pakhosi. A Ankolo, omwe anali chapafupi ndi mbale ya masikono, anakumbukira mwadzidzidzi kuti galimoto anaimika polakwika. Kuyambira tsiku limenelo sanandiitanenso kukasita. Zovala zawo asite okha.

Tsiku lochotsa ulusi bambo a Tadala anali pa ofu, ndiye ndinawapempha atiperekeze, andithandize kumukweza m'basi. Anabwera akung'ung'udza, chipewa atachitsitsira kumaso kuopa kukumana ndi wodziwana naye. Tinakhala pa benchi. Chitseko chinatseguka, nesi anayang'ana pakhadi n'kuitana mokweza: "Nyozani Phiri!"

Kuchipatala cha ziweto galu amamulemba ndi dzina la banja la mwini wake. Ine ndinali ndisanamvepo akuitana choncho. A Phiri anachita ngati awathira madzi ozizira. "Ati chiyani? Mfunda wanga? Wampatsa ndani galu mfunda wa atate anga?"

"Nyozani Phiri?" nesi anabwereza, akuyang'ana uku ndi uku.

"Imani, bambo a Tadala, akuitana kwanu."

Anaima. Akanatani? Analowa atagwira chingwe, khosi lili gwa. Ulusi anachotsa, dokotala anati bala lapola bwino, impso zabwerera pafupifupi mwakale. Tinakwera basi yobwerera. Tikufika pa msika a Phiri anati, osandiyang'ana, "Ngati ndi Phiri asamagone pakhomo pozizira paja. Mumuyalire m'kati." Masiku ano ndi iwo amapita naye ku paki akaweruka, ndipo amabwerako naye.

Papita zaka ziwiri tsopano. Nyozani ali moyo, wanenepa, ubweya unameranso, chipsera chimaoneka akagona chagada. Madzi amamwa monga galu aliyense, koma ine ndimayang'anabe, chizolowezi. Chaka chilichonse amakayezetsa magazi chifukwa cha impso zija. Kukazizira amapuma movutikira pang'ono mbali ya nthiti. Mbale sanailolebe, ndipo ndinasiya kuyesa. Koma tsopano amadya ife tili m'chipinda momwemo, bola tisamuyang'anitsitse. Tadala anayamba sukulu ya mkaka, amayankha m'Chingerezi ngati ana onse a kuno, koma galu amamuitana m'Chichewa.

Ndalemba izi chifukwa ambiri a ife tinabwera ndi mantha a kwathu m'chikwama, ndipo kuno tinapezanso ena otiwonjezera. Galu wanu akasiya kudya, akamamwa madzi mopitirira, mimba ikakula, akamatuluka dovu, pitani naye tsiku lomwelo. Ngati ndi wamkazi ndipo simufuna ana, mutseketseni akadali bwino. Dzina la matenda ngati simukulidziwa m'Chingerezi, pitanibe, mukaloza ndi chala, amamva. Funsani wovala yunifolomu yachipatala, osati wovala duku lodula. Ine masiku amene ndinataya anatsala pang'ono kumupha, ndipo ndikanamukwirira ndekha kuseri kwa mabini. Oseka aja asiyeni aseke. Galu akafa palibe mmodzi wa iwo angabwere ndi khasu.